Ukamaliza Rust Iyi, Ina Yafika Kale

Amene amati kuika chilankhulo cholembera mapulogalamu mu repository (nkhokwe ya mapulogalamu) ya Debian, mtundu wina wa Linux, n'kosavuta, abwere adzayese Rust. Kuti umange rustc, pulogalamu yomasulira code ya Rust kuti kompyuta iimve, umafunika rustc ina yomangidwa kale, ndipo ikhale ya m'mbuyo pang'ono chabe. Ukatsalira ndi mavesheni atatu, basi, uwamanga onse imodziimodzi, kudumpha kulibe. Chonsecho eni ake amatulutsa yatsopano masabata 6 aliwonse!

Chimene chimandibowa kwambiri n'chakuti makina a Debian omangira mapaketi (mapulogalamu okonzedwa kale kuti anthu angoika pa kompyuta) saloledwa kulowa pa intaneti. Lamulolo ndi labwino ndithu, sindikutsutsa. Koma Cargo, chida chomangira mapulogalamu a Rust, inazolowera kukatola zonse pa intaneti ku crates.io, ndiye pulogalamu ya Rust ikafuna timalaibulale tambirimbiri, kalikonse, ngakhale ka mizere yochepa, kakhale ndi paketi yakeyake, laisensi yake uyiwerengenso bwinobwino. Wavutika choncho, zatheka pa makompyuta wamba a amd64, kenako pa makompyuta akuluakulu a s390x mayeso akanika, makina oti sunawaonepo ndi maso.

Ndiye wina n'kumafunsa mokalipa kuti, "Bwanji vesheni yanu ndi yakale chonchi?" Akulu, ntchitoyi ndi yongodzipereka, timaigwira usiku anzathu akugona. Patch yanu yokonzera vutoli ili kuti?