Ofisala akalakwa avulidwe nyenyezi, osati transifa

Ine zandikwana anthu inu. Mkulu wina wa asilikali, munthu wanyenyezi zake paphewa, anamenya kondakita wa minibasi kuno kwathu mpaka kumugulula mano chifukwa cha chenji, anthu akuona masanasana, ndiye lero ndikumva ati amusamutsa, apita kukagwira nchito kuchigawo china. Basi. Chilango chake ndi chimenecho? Transifa? Ndiye kuti makondakita a uko ndi amene alibe mano oti agululidwe?

Munthu wotere achotsedwe nchito mwamanyazi. Avulidwe nyenyezi, abweze yunifomu, atuluke pageti la balaki anzake akuona, ndipo pepala lake lilembedwe poyera kuti anachotsedwa chifukwa chonyozetsa usilikali. Osati kumusamutsa, osati kumupumitsa pa national interest, ati pofuna ubwino wa dziko, kuti azikadya penshoni kufamu anthu akumutchulabe kuti ba Meja ngati palibe chinachitika. Achotsedwe mwamanyazi, ndatero.

Malamulo alipo kale, Defence Act, lamulo loyendetsera asilikali, ilipo, khoti la asilikali lilipo ndipo limaweruza a Zambia Army, a ZAF (asilikali a ndege), onsewo. Musatinamize kuti nzovuta. Kodi puraiveti kapena kopolo akathawa nchito kapena akapezeka ataledzera ali pa dyuti mumachedwa? Mawa lake ali m'gadirumu, posakhalitsa mkazi wake akumanga katundu m'nyumba ya balaki ana akulira. Koma ikakhala nkhani ya bwana ndiye mumayamba zoti tiyeni tione kaye, ali ndi banja, watumikira dziko zaka zambiri. Puraiveti uja alibe banja?

Komanso dziko lino likafuna kulanga ofisala limadziwa njira yake. Captain Solo atalengeza pawayilesi pa 28 Okutobala 1997 kuti walanda boma la a Chiluba, sipanathe ndi tsiku lomwe anali atagwidwa kale, iye ndi anzake anaweruzidwa kuti aphedwe mpaka a Mwanawasa anawasinthira chilango mu 2004. Ndiye kuti ukakhudza mpando wa pulezidenti lamulo limathamanga, ukakhudza mano a mwana wa mayi wogulitsa tomato pamsika wa Soweto ku Lusaka lamulo limayamba kutsimphina? Awe shuwa.

Ena muziti nchito yawo njovuta, mitu imatentha, malipiro ngochepa. Kaya. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Palibe amene anamukakamiza kulumbira, ndipo ofisala si munthu wamba, udindo wake amapatsidwa ndi pulezidenti yemwe ndi mkulu wa asilikali onse. Amene wapatsidwa ulemu waukulu akaunyoza manyazi ake akhalenso aakulu. Anyamata omwe amawalamula amaonera iye, akaona kuti bwana wamenya munthu nkungosamutsidwa iwonso mawa adzamenya, ndipo anthu mu komboni akaona yunifomu azidzathawa m'malo molimba mtima. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Sindikunena kuti azingothamangitsa anthu chisawawa chifukwa chakuti bwana wina sakuwakonda kapena chifukwa cha ndale, ayi, khoti likhale, mboni zilankhule, iye adziteteze. Koma mlandu ukamupeza, nyenyezi pansi. Ndipo tiuzidwe ife amene misonkho yathu imagula nsapato zakezo, osati kubisa ati ndi nkhani za chitetezo cha dziko. Mano a kondakita ndi chitetezo cha dziko kuyambira liti?

Chondipweteka china manje, pali madala omwe anatumikira bwinobwino opanda mlandu ngakhale umodzi, ena anapita mpaka kukasungitsa mtendere kumayiko a eni, anapuma mwaulemu koma akuyendera ndalama zawo maofesi mpaka nsapato kutha, bwerani mawa, fayilo sikuoneka, amene amasaina ali ku workshop. Amenewo mafayilo awo amasowa, koma womenya anthu transifa yake yatuluka sabata imodzi isanathe.