Inu oima pa milatho ya m'maphompho, tamverani

Ana inu oyenda maulendo ataliatali pagalimoto, pali khalidwe lina limene sindingalionerere n'kukhala chete. Mukangofika pa mlatho wodutsa pamwamba pa chigwembe, nzeru zonse mumazisiya pampando. Galimoto mwaimika pakati penipeni pa mlatho, zitseko zili chitsegukire, aliyense foni m'manja. Kodi mwaiwala kuti msewu wolowera m'chigwa umakhala wotsetsereka? Thiraki yodzaza katundu imafika mabuleki atatentha kale, ndipo singaime chifukwa choti inu mukudzijambula.

Koma chimene chimandiimitsa mutu kwambiri ndi kukwera pa zitsulo zotchinga m'mbali. Wina wakhalapo, miyendo lendelende kuphompho, dzanja limodzi lagwira foni, linalo likukupiza m'mwamba, anzake akumuchemerera. Mukudziwa kutalika kwake inu? Mlatho wa Victoria Falls, pamalire a Zambia ndi Zimbabwe, umene unatsegulidwa mu 1905, uli mamita 128 pamwamba pa mtsinje wa Zambezi. Munthu akaterereka pamenepo amakhala m'malere masekondi 5, ndipo pofika pansi liwiro lake ndi pafupifupi makilomita 180 pa ola. Pa liwiro limenelo madzi safewa ayi, amauma ngati simenti. Wa Bloukrans ku South Africa ndiye osanena, mamita 216. Anthu amene mumawaona akudumpha pa milatho imeneyi amakhala atamangidwa chingwe ndi akatswiri, atawayeza kaye kulemera. Nanga inu wakumangani ndani? Mphepo ya m'chigwembe siodira, imangokankha, komanso mlatho umanjenjemera galimoto yaikulu ikamadutsa. Tsoka silinunkha, ana inu.

Enanu mumaponya miyala ndi mabotolo kuti mumve ngati zilire zikafika pansi. Manyazi bwanji! Kunsi kwa mathithi a Victoria kumadutsa mabwato a alendo opalasa m'mafunde. Mwala wanuwo ukafika pamutu pa munthu, mudzanena kuti munkangosewera?

Ndiye pali otsikira kumtsinje, ena atavala masilipasi, ena atalawa kale. Miyala ya m'mphepete mwa madzi imakhala ndi ndere, yoterera zedi. Choopsa china n'chakuti madzi a m'chigwembe amasefukira ngakhale pamene mulipo pali dzuwa phwee. Mvula imagwa kumtunda, kutali kumene simukuona, ndipo madzi onsewo amapanikizana m'njira yopapatiza. Mu 1997 alendo 11 anafa m'chigwembe chopapatiza cha Antelope Canyon, m'chigawo cha Arizona ku America, atakokoloka ndi madzi a mvula imene inagwa kutali ndi kumene iwo anali. Mukaona madzi ayamba kuda, akubwera ndi zinyalala ndi timitengo, kapena mwamva mkokomo kumtunda, thawirani pamwamba nthawi yomweyo. Nsapato zisiyeni.

Sindikuletsa kuona malo okongola, ayi. Imikani galimoto pamalo amene anakonzera kunja kwa mlatho, yendani wapansi m'kanjira ka anthu, jambulani muli mkati mwa zitsulo. Kumbukiraninso kuti mukagwa, amene adzatsike ndi zingwe kukakutolani ndi ana a eni, nawonso ali ndi mabanja.

Ndipo inu makolo amene mumanyamula mwana n'kumukhazika pa chitsulo kuti aone bwino, lekani lero lomwe. Mwana amadzidzimuka ndi hutala chabe n'kupulumuka m'manja. Aonere pansi, inu mutamugwira dzanja.