CHENJEZO: mpopi ukayamba kushoka, lekani kusamba kaye

Tamverani inu amene mpopi wa kubafa kapena wa pasinki umakugwirani ndi magetsi ndiye mwangozolowera kutsegula ndi kansalu, ena mpaka kumasamba mutavala masilipasi n'kumauza ana kuti "osagwira ndi manja onyowa" basi nkhani yatha. Sinathe ayi, mukusewera ndi moyo wa anthu m'nyumbamo. Chimandinyansa kwambiri ndi mawu aja akuti "aaa umangoshoka nthawi zina, dzulo sunashoke." Kushoka kwa apo ndi apoko kukusonyeza kuti pali chipangizo chimene chimayaka n'kuzima, ndipo chikayaka magetsi akuthawira m'mapaipi.

Woyamba kumukayikira ndi giza. Elementi ya mkati, chitsulo chija chotenthetsa madzi, ikakalamba imang'aluka, madzi n'kumakhudza waya wamoyo, koma giza siyaka tsiku lonse, themositati imayatsa madzi akazizira n'kuzimitsa akatentha, ndiye m'mawa mpopi ukuluma masana uli phee, inu n'kumati zatha zokha. Pampu ya madzi, makina ochapira, shawa zija zotenthetsa madzi pompopompo, zonsezi zimachita chimodzimodzi. Pena ndi msomali womwe munakhoma pakhoma unaboola waya, khoma likanyowa magetsi amayenda, likauma amaleka.

Komatu nyumba yolumikizidwa bwino siyenera kukushokani ngakhale elementi itaphulika, magetsi othawawo amayenera kutsata waya wa ethi, uja wopititsa magetsi othawa m'nthaka, ndipo buleka igwe. Ngati akudutsa mwa inu ndiye kuti zawonongeka ziwiri, chipangizocho komanso ethi. Mwina waya wa ethi unaduka kapena unachita dzimbiri, mwina pulambala anadula paipi yachitsulo n'kuikapo yapulasitiki pakati osalumikizanso waya, mwinanso munthu wina "wodziwa" anatopa ndi buleka yogwaigwa n'kuilambalala. Ameneyo musamulolenso kugwira mawaya anu. Buleka ikamagwa ndiye kuti ikugwira ntchito yake, ija ya earth leakage imadula magetsi othawa akangofika 30 mA (mA ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda), ndipo ili ndi kabatani kolembedwa T kapena Test. Kodi munakadinako chiikireni?

Musamati ndi kashoko kakang'ono. Khungu louma limatchinga magetsi ndithu koma likanyowa mphamvu yotchingayo imatsika mpaka pafupifupi ma ohm 1,000, ndiye pa magetsi a 230 V werengani nokha, ndi ma mA oposa 200, pomwe 10 mpaka 20 mA yokha imatha kuumitsa dzanja osathanso kusiya mpopi, ndipo ikapitirira 50 mA mtima umatha kusokonekera kagundidwe. Lero mwangomva kunyerenyetsa chifukwa munaponda pouma, mawa ndi mwana ali chosavala mapazi ali m'madzi. Pakadafunda padajiwitsa.

Chochita ndi ichi, ndipo osayesa ndi dzanja chonde, ngakhale kuseri kwa chala. Uzani onse m'nyumba asiye kugwiritsa ntchito mpopiwo, zimitsani giza pa bolodi ya mabuleka, kenako khalani pansi mukumbukire: zimachitika nthawi yanji, chinali choyaka n'chiyani, ndi mpopi wa madzi otentha wokha kapena yonse, kunagwa mvula kapena ayi. Zimenezi mukamuuza wamagetsi mwamuchepetsera ntchito. Iyeyo abwere ndi mita yeniyeni, ayeze pakati pa mpopi ndi ethi yodalirika uku akuzimitsa mabuleka imodziimodzi mpaka magetsi asowe pampopipo, ayezenso elementi ndi waya wa ethi. Katesita kaja konga sikuludiraiva sikokwanira, kamatha kuyaka popanda vuto kapena osayaka vuto lilipo.

Pali china choopsa kuposa zonsezi. Mukazimitsa meni switchi koma mita n'kumaonetsabe magetsi pampopi, vuto likuchokera kunja, kawirikawiri ndi waya wa nyutilo, uja wobwezera magetsi, womwe wamasuka kapena kuduka pa laini yobwera kunyumba, kapena vuto la nyumba yoyandikana nayo likuyenda m'mapaipi achitsulo omwe mumagawana. Chizindikiro chake mababu amawala mopitirira kapena kuzilala, makamaka wina akayatsa kuka kapena ketulo, ndipo kushoka kumakula madzulo aliyense akamaphika. Apa ndi poimbira kampani yamagetsi tsiku lomwelo, muwauze momveka kuti mipopi ikushoka, ndipo pulambala asadule paipi iliyonse kufikira atakonza chifukwa paipiyo ikhoza kukhala kuti ndi imene yanyamula magetsi, akangoidula n'kugwira mbali zonse ziwiri amadutsa mwa iye.

Eni nyumba za lendi, wokhalamo akakuuzani zimenezi musamuyankhe kuti mwezi ukatha. Ndipo wina akagwidwa n'kukanirira pampopi musamukoke ndi manja, thamangirani ku meni switchi, ngati ili kutali mukankheni ndi mtengo wouma mutaponda pouma, kenako apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, akamuyeze mtima.