Khola la chinkhwe muziliyeza ndi mapiko otambasula

Dzulo ndinadutsa pa nyumba ina kuno ku Nchalo, ndipo zimene ndinaona pakhonde zandisowetsa mtendere mpaka lero. Chinkhwe chotuwa, cha mchira wofiira chija, anachiika m'kakhola kozungulira kukula kwake ngati dengu la tomato, n'kukapachika pansi penipeni pa malata. Nthawi ili cha m'ma 1 koloko masana. Mbalameyo yayasama kukamwa, mapiko yawasiyanitsa ndi thupi, ikupuma mwawefuwefu. Mwini wake akundiuza monyadira kuti imatha kunena kuti "Mwadzuka bwanji." Ndinangomwetulira mwaulemu, koma mumtima ndinati apa palibe za mwadzuka bwanji, mbalameyi ikupempha mthunzi.

Sindikunyoza munthu ayi, chifukwa mlandu womwewu inenso ndinaupalamulapo.

Malume anga anakhala zaka zambiri ku Johannesburg. Pobwerera kumudzi anabwera ndi chinkhwe chawo, chobadwira kwa oweta konko, mapepala ake ali m'manja. Anachitcha Kapitawo. Atatisiya, tsiku logawana katundu aliyense ankaloza njinga, wailesi ndi ng'ombe. Kapitawo anatsalira ine. Khola lake lalikulu linali litachita dzimbiri, ndiye ndinamuika m'kakhola kamene malume ankamunyamulira paulendo, n'kumati ndikonza lina mawa. Mawalo linatenga miyezi isanu ndi itatu.

Pofika mwezi wachisanu ndinayamba kupeza nthenga pansi m'mawa uliwonse. Kenako pachifuwa panayera, khungu lili pamtunda ngati nkhuku yososola. Ine ndinkati ndi utitiri. Tsiku lina mlangizi wa ziweto atabwera kudzaona mbuzi zanga, ndinamukokera pakhonde. Anayang'ana mbalame, anayang'ana khola, kenako anandiyang'ana ine. Anati: "Achimwene, inuyo akutsekereni m'bafa chaka chathunthu, tsitsi lanu lingatsale?" Anandifotokozera kuti chinkhwe chimadzizula nthenga pa zifukwa zingapo, kaya matenda, kaya chakudya chosakwanira, kaya kusungulumwa, koma kuti kwa Kapitawo tiyambe ndi chimene chikuonekeratu. Manyazi anandigwira.

Anthufe timalakwitsa poyeza. Timayang'ana chinkhwe chitakhala phee pakamtengo, n'kuona kuti ndi kambalame kofanana ndi nkhunda yonenepa. Zoonadi kuchokera kumlomo kufika kumchira ndi masentimita pafupifupi 33, ndipo kulemera kwake ndi magalamu 400 kapena kuposerapo pang'ono. Koma chikatambasula mapiko chimafika pafupifupi theka la mita. Muyezo weniweni ndi umenewo. Ngati mbalame singatambasule mapiko onse awiri, kuwakupiza ndi kutembenuka osakhudza waya, khola limenelo ndi ndende.

Odziwa za mbalamezi amati khola laling'ono kwambiri likhale masentimita 90 m'litali, 60 m'lifupi ndi 120 kupita m'mwamba. Mvetsetsani, amenewo ndi malire a pansi, ndiponso amanena za chinkhwe chimene tsiku lililonse chimatulutsidwa maola angapo kuti chiziyendayenda m'nyumba. Tsono tinene zoona, ndi angati mwa ife amene angachitulutse? Mawindo ali pululu chifukwa cha kutentha, amphaka ali pomwepo, ana akulowa ndi kutuluka. Ngati chinkhwe chanu chizikhala m'khola tsiku lonse, iwalani za masentimita 90. Langa ndinawotcheretsa la mamita awiri m'litali, mita imodzi m'lifupi, ndipo m'kati mwake ndimaimirira bwinobwino posesa.

Chinanso, musapusitsidwe ndi khola lalitali ngati nsanja koma lopapatiza. Mbalame imauluka chopingasa, siuluka cholunjika kumwamba ngati utsi. Ikangopeza kamtengo kapamwamba imakhazikika pomwepo, malo onse a pansiwo n'kungokhala ogwera zitosi. Bola lotambalala. Lozungulira lija ndiye ndimadana nalo kwambiri, chifukwa lilibe ngodya yoti mbalame ibisalepo ikachita mantha, ndipo zinkhwe zotuwa n'zamantha kwabasi.

Ambiri sadziwa kuti mbalameyi kwawo si kuno. Zinkhwe zobiriwira za mutu wofiirira zimene mungazione ku Lengwe ndi mtundu wina, wocheperapo. Chotuwachi kwawo ndi m'nkhalango zowirira za mvula yambiri ku Congo, Cameroon, Gabon, Ghana mpaka Uganda. Kumeneko chimayenda m'magulu, chimauluka mtunda wautali kukasaka zipatso, madzulo n'kubwerera kukagona pamitengo italiitali. Dzuwa likaswa mtengo chimalowa m'masamba.

Ndiye taganizani Okutobala wathu wa kuno kuchigwa, kaya ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Nsanje, pamene kutentha kumadutsa madigiri 40 ndipo ngakhale mbuzi zimakanganirana mthunzi wa mlambe. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi malangizo a pa intaneti, chifukwa ambiri olembawo amakhala kumayiko ozizira ndipo nkhawa yawo ndi chisanu. Kuno khola lalikulu ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mbalame ilibe thukuta ngati ife, imadziziziritsa popuma chiyasamire ndi kusamba. M'kakhola kakang'ono dzuwa likalowa limadzaza ponseponse, pothawira palibe. M'khola lalikulu mbali ina imagwira kadzuwa ka m'mawa, mbali ina imakhala mumthunzi, ndipo pansi pamakwana beseni la madzi osamba popanda kusakanikirana ndi chakudya. Langa ndinaliika kummawa kwa nyumba pansi pa mtengo wa nimu. Pamwamba ndinafolera udzu m'malo mwa malata, koma udzuwo uli patali ndi waya kuti mlomo usaufikire. Mbali imodzi yatsamira khoma, moti mwera ukamawomba mu Juni, Kapitawo ali ndi pousa.

Za waya nazonso n'zofunika kusamala. Wowotcherera wanga poyamba ankafuna kugwiritsa ntchito waya wa makola a nkhuku kuti zitchipe. Ndinakana. Mlomo wa chinkhwe umaswa mtedza wolimba ngati ukuswa chimanga chokazinga, ndiye waya woonda uja sangathe sabata. Kuwonjezera apo waya wonyezimira wotere amakutidwa ndi chitsulo chotchedwa zinki, ndipo mbalame ikamatafuna imadya poizoni pang'onopang'ono. Penti yakale yosupuka nayo n'chimodzimodzi. Mipata pakati pa zitsulo ikhale masentimita 2 kapena 2.5 basi, kuti mutu usalowe n'kukanirira. Zitsulo zina zikhale zopingasa, chifukwa chinkhwe chimakwera ndi mlomo ndi zala ngati pamakwerero. Kunja kwake ndinazunguliza sefa ina ya mipata ing'onoing'ono, motalikirana ndi zitsulo zam'katizo, chifukwa makoswe ndi njoka za kuno sizipempha chilolezo. Pachitseko ikani loko weniweni. Kachingwe kapena kawaya kopotokola amamasula mukuona.

Mukamawerengera malo, kumbukiraninso kuti m'kholamo simukhala mbalame yokha. Mukhala nthambi zokhalapo zonenepa mosiyanasiyana kuti zala zisamapweteke, mbale ya chakudya, mbale ya madzi ndi zinthu zoti izitafuna. Ine ndimaponyamo zigoba za malambe ndi zisononkho za chimanga, amakhala nazo kalikiliki mpaka madzulo. Zonsezi zikalowa, khola limene linkaoneka lalikulu kwa wowotcherera limachepa. Mapeyala okha musayerekeze kumupatsa, amapha.

Wina anena kuti zonsezi ndi ndalama, pamene anthu akusowa ya ufa. Ndikuvomereza. N'chifukwa chake ndikuti ngati malo ndi ndalama palibe, chisiyeni chinkhwe, wetani nkhunda, zimauluka zokha n'kubwerera. Chinkhwe chosamalidwa bwino chimakhala zaka 40, china mpaka 60, kutanthauza kuti khola limene mukumanga lero mwina adzasesamo ndi adzukulu anu. Ndipo wina akakubweretserani m'katoni opanda mapepala, mukaneni. Mbalamezi zachepa kwambiri m'nkhalango chifukwa chogwidwa n'kugulitsidwa, moti mu 2016 mayiko a m'pangano la CITES, loona za malonda a nyama ndi zomera zakutchire, atakumana ku Johannesburg komweko, analetsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire. Za zilolezo kafunseni ku Dipatimenti yoona za nyama zakutchire musanatulutse kobiri.

Tsiku limene tinamusamutsira m'khola latsopano, Kapitawo anakhala pangodya imodzi masiku atatu osasuntha, ngati mlendo pamaliro. Tsiku lachinayi m'mawa ndinamva phuphuphu, ndikathamanga ndinapeza akukupiza mapiko mwamphamvu atagwira nthambi, fumbi loyera la nthenga zake lili koboo. Nthenga za pachifuwa zinamera, koma pali kachigamba kamodzi kumanzere kamene mpaka lero kali mbee, ndipo ndikakaona ndimakumbukira miyezi isanu ndi itatu ija.

Patapita milungu ingapo, madzulo ena ndikumwa tiyi pakhonde, ndinamva munthu akutsokomola kuseri kwa nyumba, kenako mawu akuti "Odi kuno!" Ndinadzidzimuka mpaka tiyi anatayikira pamwendo. Anali mawu a malume enieni, ndi kachifuwa kawo ka fodya kaja. Chimwalirireni iwo, Kapitawo anali asanalankhulepo.