Kilt ya ku Scotland ndi ya ku Ireland: yakale yeniyeni ndi iti, ndipo mugule bwanji?

Pamalo popapatiza kwambiri, nyanja yolekanitsa Scotland ndi Ireland ndi ya makilomita pafupifupi 20 okha, ndipo zinenero zakale za mayiko awiriwa n'zapachibale. N'chifukwa chake ambiri amayesa kuti kilt, chovala cha amuna chonga siketi ya mapindo, ndi chovala cha makolo a mbali zonse ziwiri. Si choncho ayi. Zolembedwa za ku Ireland komweko zimati asilikali a ku zilumba za Scotland amene anabwera kudzathandiza mtsogoleri wa ku Ireland Red Hugh O'Donnell mu 1594 ankadziwika ndi kavalidwe kawo: lamba ankamumanga pamwamba pa nsalu yofunda. Eni dziko ankavala léine, malaya aatali achikasu, omwe lamulo la mu 1537, m'nthawi ya mfumu Henry VIII ya ku England, linaletsa kuwanyika mu utoto wachikasuwo ndiponso kuwasoka ndi nsalu yopitirira mayadi 7.

Choncho wofuna chovala chakale chenicheni ayang'ane ku Scotland, kwa féileadh mòr. Iyi sisokedwa. Ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa yotalika mayadi 4 kapena 5, m'lifupi mwake pafupifupi masentimita 150, ndipo imapindidwa mwatsopano tsiku lililonse loivala. Yalani nsaluyo pansi, musiye masentimita 40 mpaka 50 osapinda kumapeto konse kuwiri, pakati ponse mupinde ndi manja, pindo lililonse lofanana ndi linzake. Lowetsani lamba pansi pake, mugone chagada pa nsaluyo, m'mphepete mwake mwa m'munsi muli kuseri kwa mawondo. Kokerani mbali ya kumanja pamimba, ya kumanzere ibwere pamwamba, kenako mangani lamba ndi kudzuka. Yotsala kumtunda ija mumaikoleka paphewa ndi pini kapena kuifunda kukazizira. Anthu amalakwitsa ziwiri: kugula nsalu yolemera kwambiri, yomwe imaunjikana m'chiuno ngati mtolo, ndi kumanga lamba mofooka, mapindo n'kumasuka munthu atangokhala pampando. Nsalu yopepukirapo ndi lamba wachikopa wotakata zimathetsa zonsezi.

Kilt yaifupi yosokedwa, imene timaiona paukwati, inayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1700. Lamulo la mu 1746 linaletsa amuna a kumapiri a Scotland kuivala kupatula asilikali a boma, linachotsedwa mu 1782, ndipo mfumu George IV ya ku Britain itaivala ku Edinburgh mu 1822 inasanduka chovala chaulemu. Ku Ireland inalowa mochedwa zedi, cha m'ma 1900, pamene anthu ofuna kutsitsimutsa chinenero ndi chikhalidwe chawo anaibwereka. Patrick Pearse, mphunzitsi wolimbikitsa chinenero cha ku Ireland, anaiika pa sukulu yake ya St Enda's, yomwe inatsegulidwa mu 1908. Anthu a ku Ireland anasankha nsalu ya mtundu umodzi, yachikasu chodera kapena yobiriwira, ndipo oimba zitoliro a asilikali a Ireland amavalabe yachikasuyo.

Apa m'pamene wogula amapusitsidwa. Ku Scotland tartan, nsalu ya mizere yopingasana ija, imayendera dzina la fuko ngati Campbell kapena MacDonald, ngakhale palibe lamulo loletsa mlendo kuivala. Ku Ireland amagulitsa tartan za maboma 32 a chilumbacho, koma zotchukazo zinapangidwa m'zaka za m'ma 1990 ndi kampani ya House of Edgar ya ku Perth, ku Scotland. N'zokongola ndithu, koma wina akakuuzani kuti n'za makolo, chikwama chanu chikhale chotseka. 

Kasokedwe n'kamodzi mbali zonse, ndiye funsani mafunso omwewo. Kilt yathunthu imadya mayadi 8, pafupifupi mamita 7.3, ngati zitenje zinayi zolumikizidwa. Ya mayadi 5 ndi yotsika mtengo koma mapindo ake ndi osaya, sagwedezeka bwino poyenda. Nsalu yolemera ya 16oz imagwira mapindo kwa zaka zambiri, yopepukirapo ya 13oz ndi yabwino kovina ndi kumalo otentha. Zotchipa za m'masitolo a alendo pa msewu wa Royal Mile ku Edinburgh, zambiri zosokedwa ku Pakistan ndi ulusi wa acrylic, zimachita timibulu ndi kutaya mapindo msanga. Ngati ndalama zachepa, nsalu yosakhala ya ubweya yotchedwa polyviscose, ya kampani ya Marton Mills ku Yorkshire, ku England, ndi yabwinoko, ndipo imachapika. Telala adzafunsanso ngati mapindo atsate chithunzi chonse cha tartan kapena mzere umodzi monga amachitira asilikali. Kilt yachikasu ya ku Ireland ilibe funso limenelo, koma msoko wokhota ndi banga lililonse zimaonekera patali.

Miyezo ndi itatu: pamchombo, pamatako pamene pakula kwambiri, ndi kutalika kuchokera pamchombo kufika pakati pa bondo. Musapereke saizi ya thalauza, chifukwa thalauza imakhala m'munsi. Mukatero, kilt idzakuthinani pamimba. Wina akuyezeni mutaimirira mowongoka, pakuti mukawerama kuti muone tepi muyezo umasokonekera. Yosokedwa pamanja imatenga milungu 6 kapena kupitirira.

Mapindo amakhala kumbuyo, zomangira za nsalu yapamwamba kudzanja lamanja. Pini ya kutsogolo ibaye nsalu yapamwamba yokha. Mukabaya zonse ziwiri, nsalu imakokana poyenda mpaka kung'ambika. Kachikwama kotchedwa sporran kalendewere pang'ono m'munsi mwa lamba. Posunga muipachike, musaipinde, muiteteze ku njenjete, ndipo posita muike kansalu konyowa pakati pa simbi ndi ubweya.

Kampeni ka m'sokosi, sgian dubh, nako kamasiyanitsa mayikowa. Malamulo a Scotland ndi England amatchula chovala cha chikhalidwe cha dziko ngati chifukwa chovomerezeka chonyamulira mpeni pagulu, pamene ku Ireland mumayenera kusonyeza nokha chifukwa chomveka. Pandege kalowe m'sutikesi yopita kumalo a katundu. Amene mwaitanidwa ku ukwati umodzi wokha ku Glasgow kapena ku Dublin, bwerekani suti yonse kusitolo zobwereketsa, ndipo pemphani kampeni kopanda chitsulo.