Chuma cha masiye: a ku Zambia amagawa ndi manambala, ife timagawa ndi mikangano

Chimene chimandiwawa n'chakuti bambo akamwalira ku Chipata, ku Zambia, osasiya wilu, mkazi wake amatha kudziwa gawo lake masamba a maliro asanachotsedwe pamsewu. Akamwalira wa ku Chinamwali kapena ku Matawale kuno ku Zomba, banja limatha chaka likupondaponda ku ofesi ya DC, aliyense ali ndi masamu akeake m'mutu. Timamvana chilankhulo, timadya nsima imodzi, koma pa nkhani iyi anzathuwa anatisiya kutali.

Lamulo lawo la 1989, Intestate Succession Act, silizungulira. Pa 100 aliyense, 20 ndi za mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 za ana, 20 za makolo a malemu, 10 za ena amene malemu ankawasamala. Ngati chuma chakwana K10 miliyoni, mayi atenga K2 miliyoni, ana K5 miliyoni, agogo K2 miliyoni, otsalawo K1 miliyoni. Pamitala, akazi amagawana 20 yomweyo potengera zaka zimene aliyense wakhala pabanja ndi zimene anathandizapo. Gawo la ana limayang'ana msinkhu ndi sukulu. Mwana wa fomu 2 atha kuwerengera pachikuto cha kope, ndipo atsibweni akabwera ndi mawu okweza amangowaonetsa nambala.

Kuno lamulo lathu la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limangoti chuma chigawidwe mwachilungamo. Choyamba oyenera kulandira atetezedwe kuti asavutike, wamasiye asunge katundu wa m'nyumba, chotsala chigawidwe, ndipo mwana wamng'ono alandire zochulukirapo kuposa wamkulu. Mawu okoma kumva, koma chilungamo cha ndani? Mayi wamkulu ali ndi chake, mayi wamng'ono chake, mwana wobadwira kunja amene watulukira tsiku loika maliro alinso ndi chake. Popanda nambala, aliyense amaona ngati akuberedwa. Mlandu ukafika ku High Court kuno ku Zomba, minibasi ya malemu yagona pamatayala akuphwa, lendi ya nyumba wadya amene anagwira makiyi, ana abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.

Chilungamo ndinene, pali pomwe tawaposa. Ku Zambia wamasiye amakhala m'nyumba ya banja mpaka atakwatiwanso, kenako ufulu umenewo watha. Kwathu kukwatiwanso sikumulanda zimene analandira, kupatula zomwe zili pamalo a makolo, zimene zimapita kwa ana. Wolanda chuma cha masiye kuno akhoza kulipira K1 miliyoni ndi kukakhala kundende zaka 10. Ndipo tachoka kutali. Pansi pa lamulo la 1967, m'madera a chikamwini ngati Zomba, mkazi, ana ndi ena osamalidwa ankalandira magawo 2 okha mwa 5, atatu otsalawo n'kupita kwa abale a malemu malinga ndi mwambo. Manambala tinali nawo, koma anali ankhanza. Cholakwika cha 2011 n'chakuti potaya manambala oipa sitinaikepo abwino.

Kugawa anthu m'magulu pa nkhani ya masiye kunachokera kwa atsamunda, amene likulu lawo linali konkuno. Mzungu ndi wokwatira mwachizungu anali ndi njira yawo, munthu wakuda wa ukwati wa ankhoswe n'kumukankhira ku mwambo. Ku South Africa zinafika poipa: lamulo la 1927, Black Administration Act, linkapereka chuma cha munthu wakuda kwa wachibale wamwamuna wamkulu, mpaka khoti la malamulo aakulu linathetsa zimenezi mu 2004 pa mlandu wa Bhe. Ku Mozambique, tsidya la nyanja ya Chilwa, anatengera kwa Apwitikizi dongosolo loti gawo lina la chuma ndi la banja basi, ngakhale wilu singalichotse.

N'chifukwa chake nkhani zopeka za milandu, zoti mzungu wolemera m'katauni kakang'ono walemba kapepala yekha kuchipinda kusiyira chuma wantchito wake wakuda, zimatigwira mtima kuno. Zomba ili ndi maesiteti, mbiri ya thangata, nyumba zakale za m'munsi mwa phiri, ndi anthu amene agwirira ntchito banja limodzi moyo wawo wonse. Koma amene akuyembekezera kapepala kotere adziwe kuti kuno sikangaime. M'madera ena a ku America wilu yolemba pamanja imavomerezeka popanda mboni. Ku Malawi, ngakhalenso ku Zambia, iyenera kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi nthawi imodzi, nazonso zisaine mwini wake akuona. Ikapanda mboni, chuma chimagawidwa ngati palibe wilu, ndipo wantchito uja amatuluka pageti ndi chikwama chake chokha. Ngakhale wilu ili bwino, mkazi kapena ana amene aiwalidwa ali ndi ufulu wopempha khoti kuti liwapatse kangachepe.

Pomwe aphungu athu sanatipatse manambala ngati a ku Zambia, ikani anu. Lembani wilu, m'Chichewa momwemo ngati mukufuna. Tchulani nambala ya puloti, nambala ya galimoto, banki, dzina lonse la mwana aliyense, ndi wakunja yemwe, ndipo gawo la aliyense likhale m'manambala. Sankhani woyendetsa chumacho ndi womulowa m'malo akalephera. Mboni zikhale anthu aakulu amene sakulandirapo kanthu, komanso osati akazi kapena amuna a olandira. Musafufute kapena kuwonjezera mawu mutasaina kale, bola kulemba ina. Pepalalo musalibise pansi pa matiresi pomwe woyamba kulipeza akhoza kulisonkhezera pamoto. Kalisungitseni kwa loya, kubanki kapena kukhoti, ndipo munthu mmodzi wodalirika adziwe komwe lili.