Fakitale ya zovala ikachoka, m'dziko mumatsala chiyani?

Anthu ena amanyoza mafakitale a nsalu ndi zovala, amati ndi ntchito ya mayiko osauka. Ine sindigwirizana nako kunyozako, chifukwa mayiko ambiri amene timawasirira lero anadzera momwemo. Ku England ambiri mwa mafakitale oyambirira anali opota ulusi wa thonje. Richard Arkwright anamanga yake ku Cromford mu 1771, ndipo mzinda wa Manchester unalemera ndi thonje lomwe silinkalimidwa n'komwe m'dzikomo. Toyota inabadwira m'kampani ya Sakichi Toyoda yopanga makina owombera nsalu. Mwana wake Kiichiro ndiye anayamba za magalimoto, mbali imeneyo n'kudzaima payokha mu 1937. Suzuki nayo inayamba ndi makina owombera nsalu mu 1909.

Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Makina osokera safuna mpamba waukulu ngati ng'anjo yosungunulira zitsulo, ndipo munthu amene sukulu sanapite nayo patali amaigwira ntchitoyo patangotha milungu yochepa. M'fakitale ya malaya mulibe amene amasoka malaya athunthu. Wina amangolumikiza mapewa, wina kolala, wina mikono, wina kuika mabatani, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Kumapeto kwa mzere kumakhala mayi wa tepi m'khosi amene amatembenuza malaya aliwonse, kuyeza, kukoka msoko. Akapeza pokhota, malayawo amabwerera kwa amene walakwitsa. Mmodzi akachedwa, mzere wonse umaima. Apa m'pamene anthu amaphunzira kusunga nthawi, kuwerengetsa kuti malaya amodzi adya ulusi ndi mphindi zingati, kukonza makina asanafe, ndiponso kukweza katundu pa tsiku lomwe munapangana ndi wogula amene ali kutsidya kwa nyanja. Luso lotere likakhazikika m'dziko limakagwiranso ntchito popanga nsapato, mawailesi kapena zida za galimoto.

Kwa ine phindu lenileni la mafakitalewa lagona pamenepo, pa zimene zimatsala m'mitu ndi m'manja mwa eni dziko. Taonani za ku Bangladesh. Mu 1979 kampani ya Desh Garments inatumiza antchito 130 kukaphunzira ntchito ku fakitale ya Daewoo ku South Korea. Sanangophunzira kusoka, anaphunziranso kuyendetsa fakitale ndi kukambirana ndi ogula. M'zaka zotsatira, ambiri mwa iwo anachoka ku Desh, ena kukatsegula makampani awoawo, ena kukatsogolera mafakitale atsopano. Lero zovala zimabweretsa zoposa 80 peresenti ya ndalama zimene Bangladesh imapeza pogulitsa katundu kunja, anthu pafupifupi 4 miliyoni ali pantchito, ndipo mafakitale ambiri ndi a eni nthaka. Atsikana ochuluka ochokera kumidzi analandira malipiro awoawo koyamba kudzera m'ntchito imeneyi, ndipo zimenezo si zazing'ono.

Koma pali mtundu wina wa fakitale umene umandidetsa nkhawa. Mwini wake ndi mlendo, nsalu imachokera kunja, zipi, mabatani ndi makatoni nazonso kunja, akapitawo ndi amakaniko onse ndi obwera. Dziko limangopereka manja. Fakitale yotere imabwera chifukwa cha mwayi wolowetsa katundu pamsika wina popanda msonkho, ndipo mwayiwo ukatha, makina amalongedwa m'makontena. Pangano la Multi Fibre Arrangement, lomwe linkaika malire pa kuchuluka kwa zovala zimene dziko lingagulitse ku mayiko olemera, litatha kumayambiriro kwa 2005, ku Lesotho antchito ena pobwera kutchuthi cha Khirisimasi anapeza zipata zili zokhoma, mabwana atapita. Madagascar itachotsedwa mu 2010 mu AGOA, ndondomeko ya America yolola mayiko ena a mu Africa kugulitsa katundu kumeneko popanda msonkho, ntchito zambiri zinatha, ndipo Ethiopia inakumana nazo mu 2022, patangopita zaka zochepa itatsegula malo aakulu a mafakitale ku Hawassa. Chimene chimapangitsa kuti ntchitoyi ibwere mosavuta n'chomwenso chimaichotsa mosavuta.

Ndiye pali mayiko olima thonje. Benin, Mali ndi Burkina Faso amakolola thonje lambiri, koma pafupifupi lonse limachoka lili m'mabelo, atangochotsa njere. Kupota, kuwomba ndi kunyika nsalu mu utoto zimachitikira kwina, pomwe ndalama zambiri zili m'magawo amenewa. Sikuti anthu sakudziwa. Gawo lapakatili ndi lovuta zedi: limafuna makina odula, madzi ambiri ndi magetsi osathimathima. Magetsi akathima nsalu ili mu utoto, mtundu sufanana, wogula amakana katundu yense. Boma limene likulankhula za mafakitale a nsalu lisanakonze magetsi likungotaya nthawi ya anthu.

Chimodzi chimene sindingachivomereze ndi maganizo akuti dziko losauka lipikisane potchipitsa moyo wa antchito ake. Pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza inagwa pafupi ndi Dhaka, likulu la Bangladesh, anthu 1,134 n'kufa. Ming'alu inali itaoneka dzulo lake, koma osoka anauzidwa kuti alowe. Ngoziyo itachitika, makampani ogula zovala ndi mabungwe a antchito anasainirana pangano loyendera nyumba za mafakitale, kukonza mawaya ndi kuika makomo othawira moto. Malonda a Bangladesh sanafe nazo, anapitirira kukula. Amene amati chitetezo cha antchito chimathamangitsa ogula ayambe ayankha zimenezi.

Za kaunjika ndinena mwachidule. Rwanda itakweza msonkho wa zovala zakale mu 2016, America inaiimitsa mwayi wa AGOA pa zovala mu 2018, chonsecho England yomwe inaletsa nsalu za ku India ndi malamulo a 1700 ndi 1721 pofuna kuteteza owomba ake. Ndimaimvetsa Rwanda. Komabe kuletsa kaunjika m'dziko mulibe mafakitale osoka zovala zomwe osauka angakwanitse kugula n'kulanga anthu osalakwa.

Choncho bwana wakunja akabwera kudzapempha malo ndi zaka zosalipira msonkho, alandiridwe bwino, koma boma lisamangowerenga chiwerengero cha osoka. Limufunse kuti eni dziko angati adzakhala amakaniko, odula mapatani, akapitawo ndi okambirana ndi ogula pofika chaka chachisanu, komanso kuti adzayamba liti kugula ulusi, makatoni ndi mabatani m'dziko momwemo. Mayankhowo alembedwe m'pangano, ndipo akalephera kuwakwaniritsa ayambe kulipira msonkho ngati wina aliyense.